Mbewa za m'Labotale ndi Mbiri ya Kafukufuku wa Matenda a Bambo

Ntchito yoweta mbewa zofufuzira matenda inayamba ngati malonda wamba cha m'ma 1900, pamene Abbie Lathrop, yemwe kale anali mphunzitsi, ankaweta mbewa zamawangamawanga pa famu yake ku Granby, m'chigawo cha Massachusetts ku America, n'kumazigulitsa kwa akatswiri a pa yunivesite ya Harvard. Kuchokera ku mbewa zimenezi, Clarence Little anayambitsa mu 1921 mtundu wakuda wotchedwa C57BL pokweretsa mbewa za bere limodzi mibadwo yambirimbiri mpaka zonse zitafanana chibadwa, ndipo kufanana kumeneku n'kumene kumalola ofufuza kudwalitsa mbewa imodzi n'kuyerekeza ana ake ndi ana a inzake yosadwala.

Zoti matenda amakhudza mphamvu ya mwamuna yobereka zinkadziwika kale, popeza mabuku a sing'anga wamakedzana Hippocrates amatchula matsagwidi otupitsa machende, ndipo mu 1899 Karl Landsteiner ndi Élie Metchnikoff, aliyense payekha, anaonetsa kuti chitetezo cha m'thupi chingathe kulimbana ndi umuna ngati mdani. Komabe kwa zaka zambiri chidwi chinkathera pa kubereka kokha, chifukwa bambo ankangoonedwa ngati wopereka theka la majini, omwe ndi malangizo a chibadwa, ndipo kumeneku kunali kum'peputsa. Maganizowa anagwedezeka mu 1984, pamene gulu la Azim Surani ku Cambridge ndi la Davor Solter ku Philadelphia linapeza kuti mluza wa mbewa, kutanthauza mwana wongoyamba kuumbika, sukula bwino popanda mbali ya bambo, imene imathandiza kwambiri kukula kwa nsengwa yomwe imadyetsa mwanayo m'mimba.

Masiku ano, pofuna kuona momwe kudwala kwa bambo kumakhudzira ana ake, ofufuza amabaya mbewa yaimuna ndi lipopolysaccharide, chinthu chochokera pa khungu la mabakiteriya chimene chimadzutsa chitetezo ngakhale mulibe kachilombo kamoyo. Mbewayo imanyentchera, ubweya umaimirira, imakana chakudya, ndipo testosterone, mphamvu ya chimuna ya m'magazi, imatsika. Popeza umuna wa mbewa umatenga masiku pafupifupi 35 kuti upangike, nthawi yoikweretsa imawerengedwa mosamala. Mu 2020, ofufuza a ku Melbourne anaonetsa kuti mbewa zazimuna zogwidwa ndi kachilombo ka Toxoplasma zinali ndi umuna wosinthika tinthu ta RNA, timene timanyamula mauthenga m'maselo, ndipo atabaya tinthuto m'mazira okumana kale ndi umuna wa mbewa zosadwala, ana obadwawo anaonetsanso zina mwa kusintha kwa khalidwe kumene kunaoneka mwa ana a mbewa zodwalazo.