Kodi Golide wa M'miyala Anacokera Kuti?

Anthu atakhamukira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga mu 2019, ambiri anali kukhulupirira kuti pansi ponse m'deralo pali golide. Akatswiri a miyala amanena zosiyana.

Golide samera m'nthaka. Anapangika m'mlengalenga dziko lisanakhaleko, pamene nyenyezi zinali kuphulika ndi kuwombana. Dziko litaumbika zaka mabiliyoni 4.5 zapitazo, golide wambiri anamira pakati pake pamodzi ndi citsulo. M'miyala wamba munatsala wocepa zedi, mamiligalamu owerengeka cabe pa tani imodzi.

Cimene cimamsonkhanitsa pamalo amodzi ndi madzi otentha. Makilomita angapo pansi pa nthaka, pamene miyala ikupanikizana, madzi osakanizika ndi sulufule, otentha madigiri 250 mpaka 400, amasungunula golideyo ndi kukwera naye m'ming'alu. Madziwo akazizira, kapena civomezi cikatsegula mng'alu mwadzidzidzi, golide amatsala pamodzi ndi mwala woyera wochedwa quartz. Mizere ya mwalawu ndiyo imene anthu a migodi amalondola. Ina ndi yopyapyala ngati cikhatho ndipo imatha mosayembekezeka. Ngakhale mumzere umodzi, golide amaculuka pano, apo n'kusoweratu. Apa m'pamene ambiri amatayira ndalama zao.

Ku mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, mizere yotere inapangika zaka pafupifupi mamiliyoni 500 zapitazo, ndipo golide amapezeka limodzi ndi mkuwa. Migodi yakale ya Matala ndi Dunrobin, kufupi ndi Mumbwa, ili m'mbali mwa mng'alu waukulu wa Mwembeshi.

Golide wa m'mitsinje ndi yemweyo, anangosamuka. Mvula imaphwanya miyala, ndipo popeza golide amalemera kuwirikiza ka 19 kuposa madzi, amamira m'makhwawa ndi m'mipata ya thanthwe. Akatswiri ambiri amati golide wa ku Witwatersrand, amene anabadwitsa mzinda wa Johannesburg mu 1886, anaunjikana motere m'mitsinje ya zaka pafupifupi mabiliyoni 3 zapitazo.

Tizidutswa tosongoka timasonyeza kuti mzere umene tinacokerako uli pafupi, pamene tosalala tayenda mtunda wautali. Wofuna golide wa m'mcenga akafika pa thanthwe wafika pamapeto. Kukumba kupitirira apo popanda mzere wa quartz kumangozamitsa dzenje limene lingamugwere.