Kulondoloza

Mawu akuti kulondoloza amachokera ku kulondola, kutsata mapazi a nyama kapena a wakuba mpaka kumene akathera. Wolondoloza sakhutira ndi kuuzidwa kuti zinthu zili bwino. Amafuna malisiti, amafunsa wosaina, amafunsanso ngati katundu anafikadi. Kuyang'anira n'kosiyana pang'ono: woyang'anira amaonetsetsa ntchito ili mkati, pamene wolondoloza amabwera pambuyo ndi mafunso.

Ku Zambia ntchitoyi ndi ya ofesi ya Auditor General pamodzi ndi komiti ya aphungu yotchedwa Public Accounts Committee. Mliri wa Covid-19 utafika m'Marichi 2020, Nyumba ya Malamulo ya ku Manda Hill inaimitsa zokambirana, ndipo mu Julayi inaimitsanso aphungu ena atamwalira. Apa m'pamene panali chiopsezo, chifukwa boma linkagula mankhwala ndi zodzitetezera mothamanga pamene ofunsa mafunso anali kunyumba.

Mu Januwale 2021 komitiyi inaitana akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo kuti afotokoze za mgwirizano wa madola 17 miliyoni wogulira zipangizo za m'zipatala, ndipo kunamveka kuti magolovesi ndi makondomu osakwanira muyezo anagawidwa kale. Pa 10 Januwale, Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya zaumoyo, Chitalu Chilufya.

Ine ndimaona kuti kulondoloza koona kuyenera kukafika pa chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama, kukafunsa mayi amene wapatsidwa kapepala kokagulira mankhwala kwina ngati zimene zinalembedwa m'mabuku a boma anazionapo.