Ruth Gruber ndi Sitima ya Anthu Opanda Kwawo

Tikamva mawu oti "Eksodo", maganizo athu amathamangira kwa Mose ndi Nyanja Yofiira. Koma m'chaka cha 1947 dzinali linalembedwanso pa sitima yapamadzi yokalamba, Exodus 1947, imene inanyamula Ayuda oposa 4,500 otsala pa chipululutso cha Hitler. Mmodzi mwa atolankhani amene anaonetsa dziko lonse nkhope za anthu amenewa anali mayi wa ku Brooklyn, Ruth Gruber.

Mayiyu anabadwa mu 1911 m'banja la Chiyuda. Ali ndi zaka 20 zokha, analandira digiri ya udokotala wa maphunziro ku Cologne, ndipo komweko anadzimvera yekha Hitler akulankhula pa msonkhano, asanatenge ulamuliro wa Germany.

Mu 1944 nduna ya boma la America, Harold Ickes, inamtuma ku Naples kukaperekeza othawa nkhondo pafupifupi 1,000 pa ulendo wa ku Oswego, m'chigawo cha New York. Panyanja, iye anakhala nawo pansi nalemba zonse zimene anamuuza. Tisaiwale kuti anthuwa sanaloledwe monga nzika, koma monga "alendo" a Pulezidenti Roosevelt, nasungidwa mkati mwa mpanda wa waya. Mlendo wotani woikidwa m'khola?

Nkhondo itatha mu 1945, Ayuda ambiri analibenso kobwerera: nyumba zinalandidwa, abale anaphedwa. Anakhalabe m'misasa ya ku Germany, Austria ndi Italy, mitima ili ku Palestine, kumene Angerezi, amene anali kulamula dzikolo, anali kulola anthu 1,500 okha pamwezi. Mu 1946 Gruber anatsagana ndi bungwe lofufuza la Angerezi ndi Amereka, limene linalangiza kuti anthu 100,000 aloledwe msanga. Langizolo linangothera papepala.

Sitima ija inanyamuka ku Sète, ku France, pa 11 July 1947. Pakati pa othandiza kukonza ulendowo panali wansembe wathu wa Katolika, Bambo Alexandre Glasberg, amene iye yemwe anabadwa Myuda. Itayandikira Palestine, zombo za nkhondo za Angerezi zinaigunda, asilikali nakwera mwamphamvu, ndipo anthu atatu anafa. Pa 18 July, pamene inali kulowa m'doko la Haifa yophwanyikaphwanyika, Gruber anali pomwepo ndi kamera yake, m'dzina la nyuzipepala ya New York Herald Tribune. Poganiza kuti anthuwo atumizidwa ku Cyprus, anathamangira kumeneko, naona misasa ina yodzaza Ayuda pa dzuwa loswa mtengo. Koma iwo anakankhidwira m'zombo zitatu zonga ndende, nabwezedwa ku Port-de-Bouc, ku France. Kumeneko pafupifupi onse anakana kutsika, napirira milungu itatu m'kutentha ndi m'kuthinana.

Gruber analoledwa kukwera chombo china, Runnymede Park. Anapeza amuna, akazi ndi makanda atapanikizana kumbuyo kwa waya, ndipo anajambula mbendera ya Angerezi imene iwo anailembapo chizindikiro cha Nazi. Chithunzi chimenecho chinafala m'maiko ambiri. Mu September anthuwo anatsitsidwa ku Hamburg, m'dziko lomwelo limene linapha abale awo. Pa zolakwa zonse za boma la London pa nkhaniyi, ife tiyesa kuti ichi ndicho chinakula koposa.

Sitinganene kuti mayiyu anaima pakatikati. Anali ndi mbali, ndipo sanabise. Pa 29 November 1947 bungwe la United Nations linavomereza kugawa Palestine, dziko la Israel linakhazikitsidwa mu May 1948, ndipo m'nkhondo ya nthawi imeneyo Aarabu a ku Palestine pafupifupi 700,000, Asilamu ndi Akhristu omwe, anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Misasa yawo inafunika mboni zina. Ifenso Akhristu tinali ndi ngongole yathu, pakuti kudana ndi Ayuda kunamera m'maiko obatizidwa. Mpingo unatsutsa chidanicho poyera mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate.

Gruber anapitiriza kutsata Ayuda osamuka, a ku Yemen, ndipo pambuyo pake a ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1980, iye atapitirira zaka 70. Anamwalira ku New York mu 2016, ali ndi zaka 105.