Kuyesa kusiyana kwa magawo awiri

Kuyesa kusiyana kwa magawo awiri ndi njira ya masamu yofufuzira ngati magulu awiri akusiyanadi kapena kusiyanako kwangochitika mwamwayi. M'Chingerezi imatchedwa two-proportion z-test. Pa maphunziro, njirayi imathandiza kuona ngati kawerengedwe kena kamakhozetsa ophunzira ambiri kuposa kanzake.

Mbiri

Karl Pearson anafalitsa njira ya chi-square mu 1900, ndipo imapereka yankho lofanana ndi njirayi pa magulu awiri. Mu 1925, Ronald Fisher anatchukitsa mulingo wa 5 peresenti, umene ukugwirabe ntchito mpaka pano. Ku Blantyre, masamu otere amaphunzitsidwa ku MUBAS komanso ku KUHeS, imene ili m'mbali mwa msewu wa Mahatma Gandhi, kufupi ndi Mandala.

Kawerengedwe

Wofufuza amayamba ndi ganizo lakuti magulu awiriwo sasiyana. Kenako amatenga kusiyana kwa magawo n'kukugawa ndi kukula kwa kusiyana kumene kungabwere mwamwayi. Yankho lake limatchedwa z. Ikaposa 1.96, kapena kutsika kupitirira -1.96, ganizo loyambalo limakanidwa.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti pasukulu ina ku Limbe, ophunzira 100 a Fomu 4 akonzekera mayeso a MSCE pokambirana m'magulu ndipo 70 akhoza. Ena 100 awerenga payekhapayekha ndipo akhoza 55. Onse okhoza ndi 125 mwa 200, kutanthauza 0.625. Kusiyana kwa magawo ndi 0.15, kusiyana kongobwera mwamwayi ndi pafupifupi 0.068, choncho z ndi 2.19. Umenewu ndi umboni wakuti magulu awiriwo akusiyanadi.

Koma gulu lililonse likanakhala la ophunzira 20, n'kukhoza 14 ndi 11, maperesenti akanakhala omwewo, 70 ndi 55, pamene z ikanangofika 0.98. Pamenepo sipakanakhala umboni wokwanira, chifukwa pa kagulu kochepa ophunzira atatu okha amasintha zotsatira.

Malire ake

Njirayi siinena chimene chachititsa kusiyanako. Ngati ophunzira akhama ndiwo anasankha okha kulowa m'magulu, kukhoza kwawo kungachokere ku khama lawo, osati ku kukambiranako. Ndiye chifukwa chake ofufuza amagawa ophunzira pochita maere. Sukulu imene yasintha kaphunzitsidwe popanda kusamala zimenezi ingawononge nthawi ya ophunzira amene mayeso awayandikira.