Nkhuku ya mfumu, chidindo cha chala ndi dobadoba: mbiri ya mapangano a malo ku Neno

M'masiku a makolo, m'dera lonse la Dambe, Mlauli, Chekucheku ndi Symon, munthu sankagula malo. Ankapempha. Mlendo wofuna pomanga sankangotulukira pabwalo la mfumu yekha ngati mphepo ayi. Ankayamba wapeza munthu wa m'mudzimo womudziwa, amene ankapita naye kwa nyakwawa nakamuyankhulira: uyu ndi mwana wa uje, wachoka kwakuti, chomuchotsa ndi chakuti, si wakuba ndiponso si wandewu. Woperekezayu ankanyamula udindo wofanana ndi wa nkhoswe pa ukwati. Mlendoyo akadzalakwa, mlandu unkayamba wafika pakhomo pa amene anamubweretsa.

Mfumu ikavomera, inkatuma nduna zake kukayenda m'malire anthu akuona. Ankaloza mtengo wa mbawa, chulu, khwawa kapena mwala waukulu, ndipo pomwe panalibe chizindikiro ankabzala nkhadze kapena khonje. Wolandira malo ankathokoza ndi nkhuku, mwina ndi mtsuko wa mowa. Nkhukuyo sinali mtengo wa malo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Kalata ya panganolo inali m'mitu mwa anthu, n'chifukwa chake ana ankaloledwa kutsatira m'mbuyo pa tsikulo, kuti akulu akadzatha mboni zidzakhalepobe. Pajatu mlandu suola.

Pepala linafika ndi azungu, ndipo linafika moipa. Dziko lino lisanakhale pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, amalonda ndi alimi achizungu monga John Buchanan, Eugene Sharrer ndi kampani ya African Lakes anali atayamba kale kusonkhanitsa makalata okhala ndi zizindikiro za mafumu. Mafumuwo ankalandira nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kwa iwo zimenezi zinali nkhuku ija ya mlendo wopempha pokhala. Kwa mzungu unali mtengo, ndipo malowo anali ake mpaka muyaya. Anthu awiri anagwirizana pa pepala limodzi, aliyense akumva zake.

Kuyambira mu 1892, Harry Johnston anayamba kufufuza makalatawa ndi kupereka ziphaso zotchedwa Certificates of Claim, zimene zinaika maekala oposa 3 miliyoni m'manja mwa azungu. Ziphaso zambiri zinali ndi mawu oti midzi ndi minda yomwe inalipo kale isasokonezedwe. Mawuwo anali abwino, koma pepalalo linkasungidwa ndi mwini esiteti, ndipo wotetezedwayo sankatha kuliwerenga. Mu 1903 woweruza Joseph Nunan anamva mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, imene inasainitsa anyakwawa mapangano atsopano oika anthu awo pa ntchito yolipirira malo omwe anabadwirapo. Nunan anagamula kuti mapanganowo anali okondera mbali imodzi. Komabe thangata anapitirira, nakhala chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Goli la thangata linalemera kwambiri kutsidya kwa Shire, ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, koma mbiri yake inawoloka mtsinje. Agogo ambiri a ku Neno anakula akuopa kudinda chala pa pepala lililonse, ndipo amene amawaseka lero ngosadziwa mbiri. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a manthawo anachokeranso kwa alendo. Sukulu za mishoni ya Akatolika ya Neno, yomwe inatsegulidwa mu 1906, ndi ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist, ya mu 1908, zinatulutsa anthu oyamba a m'mapiri muno otha kuwerengera mfumu kalata isanavomere.

Ufulu utabwera, lamulo la malo la 1965 linagawa malo patatu: a boma, a eni ake okhala ndi zikalata, ndi a makolo. Malo a makolo linati ndi a anthu a m'Malawi, osungidwa m'dzina la Pulezidenti, mafumu n'kumangowayang'anira ndi kuwagawa monga mwa mwambo. Tanthauzo lake linali lakuti malo otere sagulitsidwa. Koma anthu ankasamuka, ena ankafuna ndalama, ena ankafuna pomanga golosale. Apa m'pamene panabadwa kalata yochenjera imene ikupezekabe m'masutikesi a mabanja ambiri. Imalembedwa pa pepala long'ambidwa m'kope la kusukulu, ndipo simanena kuti munthu wagulitsa malo. Imati wagulitsa nyumba yake ya njerwa, mitengo ya manachesi ndi nthochi zimene anabzala. Pansi pake pali zala za mboni ndi chidindo cha nyakwawa. Onse okhalapo ankadziwa kuti wogulayo sakufuna nthochi.

Kwa zaka zambiri zimenezi sizinavute kwenikweni, chifukwa malo a ku Neno sanali pa mpikisano. Zinthu zinatembenuka mu 2003 pamene Neno anapatulidwa ku Mwanza nakhala boma palokha. Kunabwera ogwira ntchito m'maofesi, aphunzitsi, apolisi ndi anamwino, onse ofuna pogona. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo litayamba ntchito yake mu 2007, chiwerengero cha ofuna nyumba pa boma ndi ku Lisungwi chinakweranso. Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukana ndi wa ku Lilongwe, puloti ya m'mbali mwa phula inasanduka chuma. Kenaka njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nkaya, imene kampani ya Vale inayamba kumanga mu 2012, inaphunzitsa anthu chinthu china: pa nkhani ya chipukutamisozi, dzina lolembedwa pa malo ndilo limayankhula.

Malo akakhala ndi mtengo, mkhalapakati sachedwa. M'mizinda muli ma ejenti a maofesi, ndipo kale mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loti ogulitsa nyumba ndi malo m'malo mwa ena azilembetsedwa. Kumidzi ndi pa timisika amene amagwira ntchitoyi ndi dobadoba, mnyamata wa foni ndi njinga yamoto, wodziwa mayi wamasiye amene wapanikizika ndi fizi ndiponso mphunzitsi amene walandira ndalama zopumira. Pongomuona, iyeyu akuchita zomwe ankachita woperekeza mlendo uja. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wakaleyo sankalipidwa, koma ankatsala m'mudzi ndi mlandu. Watsopanoyu amalipidwa, ndipo mlandu ukadzabuka amakhala atapita.

Ndipo apa ndi pamene mapepala a masiku ano ali ndi chiboo. Wogula ndi wogulitsa amalemberana kalata, koma pakati pa wogula ndi dobadoba nthawi zambiri pamakhala mawu apakamwa okha. Sizilembedwa kuti iye akuimira yani, adzalandira zingati, kuchokera kwa yani, ndiponso ngati ndalama yoonetsera malo idzabwezedwa malonda akalephereka. Motero amatha kudya kuwiri: mwini nyumba amutuma mtengo wakuti, iye n'kuikapo yake pamwamba, wogula n'kumupatsanso ya thukuta pomuyesa wake. Akale ankati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa malonda awa wovumbwa si mwini mapangawo. Choopsa kuposa apo ndi puloti yogulitsidwa kwa anthu awiri, kapena munda wa mbumba umene malume agulitsa alongo ake osadziwa. Kumene mkamwini amakhala kwa mkazi, munda ndi wa amayi ndi ana awo aakazi, ndipo kalata yopanda chala chawo ndi nthangala ya mlandu. Wogula amamanga mpaka pa lintala, eni ake enieni n'kutulukira. Wogula wochenjera amayamba walemberana ndi mkhalapakatiyo asanatulutse ndi tambala yomwe: dzina lake ndi nambala ya chitupa cha unzika, malo ake ndi ati, malipiro ake ndi angati, ndipo adzaperekedwa pokhapokha mbumba ndi mfumu zitavomera.

Boma linayesa kulumikiza mwambo ndi pepala. Ndondomeko ya malo ya 2002 inabala malamulo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo linalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo ndi kulandira chikalata. Linakhazikitsanso komiti ya malo pansi pa gulupu aliyense, ya anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi, gulupuyo n'kukhala wapampando. Asanalembe dzina la munthu, eni minda yoyandikana amaitanidwa kuti adzaone malire, ndipo gulu limayendanso kuchokera pa chulu kufika pa mzere wa nkhadze, wina atanyamula makina opimira malo.