Dzanzi la Pamlomo, Mankhwala a Mafupa ndi Kuwala kwa Leza

Mayi wa ku Malomo kapena ku Mvera amene khansa ya m'mawere yamulowa m'mafupa amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital. Mwa mankhwala amene madokotala a khansa amapereka pa vuto lotere muli zoledronic acid, wa m'gulu la bisphosphonate, wolowa kudzera m'dripi. Fupa lamoyo limagumuka n'kumangidwanso mosalekeza: maselo otchedwa osteoclast amagumula, a osteoblast amamanga. Mankhwalawa amafooketsa ogumulawo, motero fupa silithyoka wamba ndipo ululu umachepa. Ndi mankhwala abwino, ndipo sindikufuna kuti wina awathawe.

Koma nsagwada ili ndi mano, ndipo dzino likazulidwa, bala limafuna fupa lotha kudzikonzanso msanga. Mwa odwala ochepa olandira mankhwalawa silipola. Fupa limaonekera pankhama, limafa. Madokotala amati osteonecrosis. Robert Marx wa ku Miami analemba za odwala 36 otere mu 2003, ndipo kuyambira 2014 matendawa amadziwika ndi dzina loti MRONJ (medication-related osteonecrosis of the jaw), popeza mankhwala ena, monga denosumab, amawayambitsanso. Amatsimikiza matendawa fupa likakhala poyera masabata oposa 8 mwa munthu amene nsagwada yake sinalandirepo radiotherapy.

Mkati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha wotchedwa inferior alveolar. Apa wodwala ndi dokotala akhoza kuphonyana, chifukwa ife timati mtsempha kaya ndi wa magazi kaya ndi womvera kukhudza. Uwu ndi womvera. Fupa lodwala likaupana, mlomo wa m'munsi ndi chibwano zimachita dzanzi: phala limatayikira munthu osadziwa, mlomo amadziluma osamva. Ena amamva kunyerenyetsa kapena kutentha. Dzanzi la mbali imodzi limeneli nthawi zina limabwera fupa lisanaonekere, n'chifukwa chake n'lofunika kulitchula kuchipatala mosabisa, ngakhale lisakupweteka.

Njira imodzi yothandizira odwala otere ndi leza (laser), koma imene ikunenedwa pano si yodula kapena yowotcha. Ndi kuwala kofiira kapena kwa infrared (kosaoneka ndi maso), kwa mphamvu yochepa, kwa pakati pa mananomita 600 ndi 1000, kounikira pamalo odwalapo kwa kanthawi kochepa, maulendo angapo. Endre Mester wa ku Budapest ndiye anayamba kuona mu 1967 kuti ubweya wa mbewa zometedwa ukumera msanga zikaunikidwa. Masiku ano amati photobiomodulation. Akatswiri amaganiza kuti kuwalako kumalimbikitsa mitochondria, timagawo topanga mphamvu m'selo. Kafukufuku amene alipo ndi wa odwala ochepa. Amasonyeza kuti ululu ungachepe ndipo bala lingapole bwinoko, koma leza siukitsa fupa lakufa. Imangothandizira chlorhexidine wochukuchira mkamwa, maantibayotiki, ndi opaleshoni yochotsa fupalo.

Kwa wodwala wa ku Dowa kapena ku Ntchisi, chofikirika ndi kabuku ka kuchipatala. Mano ovunda azulidwe dripi isanayambe. Bisphosphonate amakhala m'fupa zaka zambiri, choncho ngakhale dripi inatha kalekale, dzina la mankhwalawo lilembedwe m'kabukuko, ndipo wodwala alionetse kwa adokotala a mano pa Boma kapena pa Mponela asanayasamule.