Menelik ndi Nkhondo ya ku Adwa

M'chaka cha 1889, Mfumu Menelik II ya ku Ethiopia idachita pangano ndi dziko la Italy pamalo otchedwa Wuchale. Panganolo lidalembedwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo pandime 17 padabisala msampha. M'Chiamhariki mudalembedwa kuti Menelik, ngati afuna, akhoza kudzera kwa Ataliyana polankhula ndi maiko ena, pamene m'Chitaliyana mudati ayenera kutero. Kumeneku kudali kulanda dziko ndi cholembera.

Atazindikira chinyengochi, Menelik sadathamangire mikondo. Adakana panganolo m'chaka cha 1893, nalimbikira kugula mfuti ku maiko a ku Ulaya. Koma ntchito yovuta koposa idali yokopa mafumu amene ankalimbana naye. Wina mwa iwo adali Ras Mengesha wa ku Tigray, mwana wa Yohannes, mfumu imene Menelik adalowa m'malo mwake. Mengesha ankati mpandowo ngwake, komabe Menelik adamusiyira dera lake. Ataliyana ankayembekeza kuti mafumu oterewa adzamupandukira. M'malo mwake, ng'oma ya nkhondo italira mu 1895, ankhondo pafupifupi 100,000 adamutsata, a Mengesha ali pomwepo.

Menelik ankamvanso malangizo. Linga la adani ku Mekele lidagonja mkazi wake, Taytu, atalangiza kuti ankhondo atchinge kasupe amene Ataliyana ankatungako madzi.

Ku Adwa nkomwe kuleza mtima kwake kudayesedwa zedi. Chakudya chinkatha mumsasa, koma iye adakana kukaputa adani m'malo awo otetezeka. Mkulu wa asilikali a Italy, Oreste Baratieri, naye ankadziwa kuti kudikira nkwabwino, koma nduna yaikulu, Francesco Crispi, inkamudzudzula kuchokera ku Rome kuti akuzengereza. Choncho Baratieri adanyamuka usiku, magulu ake nasokerana m'mapiri. Pa 1 Malichi 1896 Aitiopiya adawagonjetsa gulu ndi gulu.

Chipambanochi chili ndi banga losayenera kubisidwa: asilikali ambiri a ku Eritrea omenyera Italy atagwidwa, adadulidwa dzanja lamanja ndi phazi lamanzere.

Menelik sadapirikitse adaniwo mpaka kunyanja, poona kuti ankhondo ake adali atatopa ndi njala. Mu Okutobala 1896 dziko la Italy lidavomereza ufulu wa Ethiopia, koma Eritrea idatsalabe m'manja mwa Ataliyana mpaka 1941.